Laputopu yangoti zii? Musanagule masipika ena yambani mwayesa izi

Mwana wa achemwali anga amaphunzira ku Chanco, amachita lendi ku Chikanda. Tsiku lina madzulo anandiimbira ali wokhumudwa, akuti ankolo laputopu yanga yasiya kutulutsa mawu, ndapita nayo kwa okonza ena mtauni andiuza kuti masipika apsa nde ndipeze ndalama akaitanitse ena ku Limbe. Ndinamuuza kuti asapereke olo tambala, akwere kabaza abwere nayo kaye kuno ku Matawale. Atafika ndinalumikiza chaja, kuyatsa, kuika nyimbo, mawu nkutuluka bwinobwino ngati palibe chachitika, mwana uja anangoti kukamwa yasa. Titafunsana bwino zinapezeka kuti mwezi wathawo anabwerekako kasipika ka Bluetooth kwa mnzake wa chipinda choyandikana, nde kuyambira pamenepo mnzakeyo akangoyatsa kasipika kake laputopu imathamangira kukalumikizana nako, mawu onse nkumatulukira kuseri kwa khoma. Okonza aja nawo sanayiyatse nkomwe, batire inali itatha magetsi kulibe, anangomva nkhani nkugamula mlandu.

Ine ndagwirako malaputopu a anthu ambiri ndithu, a abale, a kutchalitchi, a ana asukulu, ndipo nthawi zambiri munthu akamati sipika yafa sipikayo imakhala ili moyo. Vuto la mawu limabisala malo atatu, mu ma setting, mu driver, kapena mu zipangizo zenizenizo monga sipika, kawaya kake ndi kabowo kolowetsa mahedifoni. Ziwiri zoyambazo mumakonza nokha, chimene mungaluze ndi bandulo basi. Chachitatucho ndiye chofuna kumasula ndi kulowa mthumba, nde musanamasule kalikonse dziwani kaye kuti vuto lanu lili mbali iti.

Amene mawu oti driver akukusokonezani, sitikunena adalaivala a minibasi ya ku Songani ayi. Mkati mwa laputopu muli kachipu koyang'anira mawu, kambiri kamakhala ka Realtek, pa zakalekale mumapezanso Conexant kapena IDT. Windows payokha simva chilankhulo cha kachipu kameneka, imafuna womasulira ngati uja amaima pambali pa mlaliki wobwera, ndipo womasulirayo ndi kapulogalamu kotchedwa driver. Akasowa kapena akabwera wolakwika, mlaliki azilankhula koma mpingo sumva kanthu.

Poyambira penipeni ndi mahedifoni a waya. Ndikuti a waya, aja olowetsa pa kabowo kozungulira ka 3.5 mm, osati a Bluetooth kapena a USB, chifukwa amenewo sadutsa pa kachipu ka mkati kaja, akhoza kulira bwinobwino pomwe driver yanu ya Realtek inafa kalekale, akunamizani. Yambani mwawayesa pa foni kapena pa wailesi kuti mutsimikize kuti iwowo ali bho, kenako alowetseni pa laputopu muike nyimbo imene ili mu kompyuta momwemo, osati ya pa intaneti, kuopa kuti netiweki ingakusokonezeni.

Ngati mahedifoni akulira koma mukawazula kuli zii, kachipu ndi kamoyo, maso akhale pa ma setting, kabowo kaja ndi masipika. Ngati zonse ziwiri zili chete, kawirikawiri ndi setting kapena driver, musamasule chilichonse. Ngati mahedifoni akumveka bwino koma masipika akusasa mawu ngati munthu wa chimfine, kapena akulira ngati chitini chopanda kanthu nyimbo ikafika pa bass, pamenepo sipika ndi imene ikukayikitsa. Ndipo ngati kuthetheka kukumveka konsekonse, mmahedifoni ndi mmasipika momwe, bwererani kwa driver. Pali kamsampha kamodzi pa malaputopu atsopanoko, ena amakhala ndi ka amplifier kapadera ka masipika kamene kamafuna driver ya kampani yomwe inapanga laputopuyo, nde driver ikakhala yolakwika mahedifoni amalira masipika ali chete. Choncho olo mahedifoni alire, osathamangira kulengeza maliro a sipika.

Tsopano tizinthu ting'onoting'ono timene anthu amachita nato manyazi akatulukira. Pa kiyibodi pamzere wapamwamba pali batani lotsekera mawu lojambulidwa sipika yodulidwa mzere, pa ThinkPad zambiri ndi F1 ndipo limakhala ndi kanyali, pa Dell Latitude zambiri ndi F1 yomweyo, pa HP zimasiyanasiyana ndi mtundu. Ana akamasewera ndi kiyibodi amalidina, ngakhale inu nomwe popukuta fumbi. Lidineni, zikakana ligwirizeni ndi Fn. Kenako pitani pa kasipika kali pansi kumanja pafupi ndi wotchi, dinani mbali yakumanja ya mawusi musankhe Open volume mixer. Mmenemo pulogalamu iliyonse ili ndi voliyumu yakeyake, mukhoza kupeza kuti voliyumu yaikulu ili pa 100 koma Chrome kapena VLC ili pansi. Ngati ndi tsamba limodzi lokha la pa intaneti lomwe lili chete, mwina YouTube, dinani kumanja pa tabu yake pamwamba muone ngati palembedwa Unmute site.

Mukatero onani kumene mawu akupita, apa mpamene panali vuto la mwana uja. Dinani kasipika komwe kaja, pa Windows 10 pamwamba pa kamzere ka voliyumu pamalembedwa dzina la chipangizo chimene chikulandira mawu, pa Windows 11 pali kachizindikiro kumapeto kwa kamzereko. Pakuyenera kukhala Speakers. Mukapeza dzina la TV, la pulojekita kapena la sipika ya Bluetooth, sinthani. Amene mumapanga ma presentation kapena kuonetsa mpira pa TV ndi waya wa HDMI dziwani kuti wayayo amanyamula chithunzi ndi mawu omwe, nde mukalumikiza pulojekita yopanda sipika mawu amapita kumeneko nkukathera mmalere. Bluetooth ingoyizimitsani kaye mpaka mutamaliza kufufuza.

Zikakanabe pangani Restart, ndipo ndikuti Restart osati Shut down. Ambiri sadziwa kuti kuyambira pa Windows 8 pali chinthu chotchedwa Fast Startup, mukapanga Shut down kompyuta imasunga mmene ma driver analili nkudzawadzutsa momwemo mawa, ngati driver inali itakakamira idzadzuka ili chikakamirire. Restart ndi imene imayambitsa zonse mwatsopano. Palinso ka Troubleshoot sound problems mukadina kumanja pa kasipika kaja, kayeseni sikadya nthawi, koma ine sindimakadalira kwenikweni.

Malo amene ine ndimawakonda ndi awa. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe mmsys.cpl nkudina Enter. Patseguka kawindo kakalekale ka Sound, pa Playback. Dinani kumanja pamalo opanda kanthu muchonge Show Disabled Devices, chifukwa nthawi zina Speakers imakhala kuti winawake anaipanga Disable nde inabisala. Ikaoneka yotuwa ipangeni Enable, kenako Set as Default Device. Tsopano ikani nyimbo muyang'ane kumanja kwa Speakers, pali timizere tosanjikizana timene timasanduka tobiriwira nkumakwera kutsika motsatira nyimbo. Timizere timeneti tikamavina koma khutu silikumva kanthu, ndiye kuti Windows ikutumiza mawu, akutayika kutsogolo, ku kabowo, ku waya kapena ku sipika. Tikakhala duu nyimbo ili mkati, mawu sakufika nkomwe pa Speakers, vuto lili mu Windows momwemo.

Mukadali pomwepo dinani kumanja pa Speakers musankhe Test, kamalira kabelu kumanzere kenako kumanja, tcherani khutu mbali iliyonse. Lowani mu Properties, pa Levels onani kuti sipanatsekedwe, dinani Balance muone ngati L ndi R zikufanana. Pa Enhancements chongani Disable all enhancements, pa malaputopu ena zimenezi zili pa Advanced pomwe palembedwa Enable audio enhancements, chotsani chongacho. Zokometsera mawuzi ndi zimene kawirikawiri zimapangitsa mawu kumveka ngati munthu akulankhulira mu mgolo. Pa Advanced pomwepo pali Default Format, yesani 16 bit 44100 Hz kapena 24 bit 48000 Hz, kusintha kumeneku kumatha kuthetsa kuthetheka.

China chachangu, Windows ndi R kachiwiri, lembani services.msc. Tsikani mpaka pa Windows Audio ndi Windows Audio Endpoint Builder, zonse ziwiri zikhale Running komanso Automatic. Dinani kumanja pa iliyonse mupange Restart. Anyamata ena pofuna kuti kompyuta izithamanga amazimitsa ma service mwachisawawa nkuphera limodzi amenewa.

Tafika pa driver tsopano, apa khalani pansi bwino. Chizindikiro chake chodziwika ndi ka X kofiira pa kasipika kaja, mukalozapo mawusi nkulemba kuti No audio output device is installed. Dinani Windows ndi X musankhe Device Manager, tsegulani pomwe palembedwa Sound, video and game controllers. Mukuyembekezera kuona dzina ngati Realtek Audio kapena Realtek High Definition Audio. Mukaona Intel Display Audio, NVIDIA High Definition Audio kapena AMD High Definition Audio Device musasangalale, amenewo ndi a mawu odutsa pa HDMI, alibe nawo ntchito masipika anu. Yang'ananinso ngati pali kachizindikiro kachikasu ka makona atatu, kaya pamenepo kaya pa Other devices pomwe pamatha kulembedwa Multimedia Audio Controller. Mukatsegula Properties nkupeza Code 28 ndiye kuti driver palibiretu, Code 10 ndiye kuti ilipo koma chipangizo chikukana kudzuka nayo.

Dzifunseni kuti mawu anasiya liti. Ngati anali bwino dzulo nde usiku kompyuta inapanga update mmawa nkukhala chete, pitani pa Properties, pa Driver, dinani Roll Back Driver kuti ibwerere pa yakale ija. Batanilo likakhala lotuwa ndiye kuti yakaleyo sinasungidwe, yesani System Restore, Windows ndi R nkulemba rstrui, musankhe tsiku limene mawu analipo. Mafayilo anu monga ma assignment ndi zithunzi sakhudzidwa, koma mapulogalamu amene munaika pambuyo pa tsikulo amachoka.

Ngati sizikukhudzana ndi update, dinani kumanja pa Realtek paja musankhe Uninstall device. Ulendo woyamba musachonge kabokosi kofufutiratu driver, ingochotsani nkupanga Restart, Windows iyibwezeretsa yokha ikamayaka. Zikakana bwerezani koma ulendo uno chongani kabokosiko, pa Windows 10 kamati Delete the driver software for this device, pa Windows 11 kamati Attempt to remove the driver for this device. Koma chonde musanafufutiretu khalani mutadawuniloda kale ina, osagwetsa nyumba musanapeze pogona.

Pali njira ina yachidule imene yandipulumutsapo kangapo pamene bandulo palibe. Windows imabwera ndi driver yakeyake ya mawu yongogwirizira. Dinani kumanja pa Realtek, Update driver, Browse my computer for drivers, Let me pick from a list of available drivers on my computer, musankhe High Definition Audio Device. Ikuchenjezani, vomerani, kenako Restart. Mawu akabwera ndiye kuti mwagwira wakuba, inali driver, masipika alibe mlandu. Mwina amveka otsikirapo kusiyana ndi kale koma mutha kumagwiritsa ntchito mpaka mutapeza yeniyeni. Pa malaputopu atsopano dzina limeneli nthawi zina silioneka pa mndandandawo, musadabwe.

Driver yeniyeni imachokera kwa amene anapanga laputopuyo, HP, Dell, Lenovo, Acer, Asus, aliyense ali ndi tsamba lake la support. Tembenuzani laputopu muwerenge pansi, Dell ili ndi Service Tag ya zilembo ndi manambala 7, HP ndi Lenovo zili ndi serial number. Ngati pepalalo linafufutika, monga zimakhalira ndi zakaunjika zambiri zimene timagulazi, lembani msinfo32 pa Windows ndi R muone pa System Model. Dzina lonse ndi lofunika, EliteBook 840 G3 ndi EliteBook 840 G5 ndi nyama ziwiri zosiyana, olo zikuoneka ngati mapasa. Pa tsambalo sankhani Windows imene muli nayo, pitani pa Audio. Fayiloyo imatha kukhala ma MB mazana angapo, nde amene muli pa kampasi gwiritsani ntchito Wi-Fi, enafe tidikire bandulo ya usiku, ndipo laputopu ikhale ndi moto wokwanira kuti isazime ili pakati poika. Mukhozanso kuyang'ana pa Windows Update pomwe pamati Optional updates, ma driver ena amakhala atakhala phee kumeneko kudikira kuti muwachonge.

Ngati simukudziwa kuti kachipu kanu ndi ka ndani, mu Device Manager tsegulani Properties, Details, musankhe Hardware Ids. Pa mzere wautaliwo pezani VEN ndi zilembo zinayi zotsatira. 10EC ndi Realtek, 14F1 ndi Conexant, 111D ndi IDT, 8086 ndi Intel. Zimathandiza chifukwa mtundu umodzi wa laputopu nthawi zina tsamba limakupatsani ma driver awiri a mawu, osadziwa kuti yanu ndi iti.

Malaputopu ambiri amene amagulidwa kuno amakhala kuti wogulitsa anaikamo Windows yatsopano mothamanga kuchokera pa fulashi yake, anaona kuti sikirini yayaka nkukupatsirani, ma driver ena osaika. Pa za Intel zatsopanoko mawu amadutsa kaye pa chinthu chotchedwa Intel Smart Sound Technology, chimapezeka pansi pa System devices mu Device Manager, chimenecho chikakhala ndi kachikasu kaja Realtek sioneka nkomwe ngakhale muyiike kakhumi. Zikatero ikani kaye driver ya chipset, yoyang'anira machipu akuluakulu a mkati, kenako ya audio yochokera patsamba la kampani, Restart pakati pake. Nkhani ina ndi ya msinkhu. Windows 11 inatuluka mu 2021 ndipo mwalamulo pa makina a Intel imafuna purosesa ya 8th generation kupita mtsogolo, koma anthu amaikakamiza pa makina akale, nde patsamba simupeza driver ya Windows 11. Tengani ya Windows 10, kawirikawiri imagwira. Amene mukukakamirabe Windows 7, Microsoft inasiya kuisamalira mu January 2020, ndipo Windows 10 nayo anaisiya pa 14 October 2025, pa laputopu yatsopano driver ya Windows 7 simuipeza.

Timapulogalamu tija timalonjeza kuti tikupezerani ma driver onse kamodzi, ine sindimatifuna pa kompyuta yanga. Timabwera ndi zotsatsa malonda, tina timaika driver yofanana dzina koma ya laputopu ina, mawu nkubwera maikolofoni nkufa. Chimodzimodzi kukopera ma driver pa fulashi imene yazungulira hostel yonse, mutenga driver ndi vairasi yomwe.

Mwapanga zonsezi kuli ziibe? Tisanagwire sikuludiraiva tiyese kaye laputopu popanda Windows, chifukwa sipika ikalira kunja kwa Windows ndiye kuti ndi yamoyo, nkhani yatha. Pa Dell zimitsani, yatsani nkumadina F12 mobwereza, musankhe Diagnostics, poyeza imaliza timabelu, tcherani khutu. Pa HP dinani Esc mobwereza kenako F2, pa Component Tests pamakhala Audio ngati pulogalamu yoyezerayo ili yonse. Lowaninso mu BIOS, ma setting a laputopu yeniyeniyo amene mumalowamo poyatsa Windows isanayambe, F2 pa Dell, F10 pa HP. Malaputopu amene anachokera mmaofesi a kunja ena amabwera atawatsekera sipika kumeneko kuti anthu asamasokosane muofesi. Pa Dell Latitude fufuzani Audio muone kuti Enable Audio ndi Enable Internal Speaker zachongedwa, pa HP zamaofesi onani pa Built-In Device Options. Zina zonse mu BIOS zisiyeni mmene zilili.

Njira ina yotsimikizika ndi fulashi ya Ubuntu kapena Linux Mint, mitundu ya Linux imene imayendetsa kompyuta mmalo mwa Windows. Mumafuna fulashi ya 8GB yopanda kanthu ndi kapulogalamu ka Rufus koikira Linux pa fulashipo, nkuyatsa laputopu kuchokera pa fulashiyo, pa Ubuntu musankhe Try osati Install kuopa kufufuta zinthu zanu. Ubuntu yatsopano imapitirira 5GB nde kudawuniloda pa bandulo ndi kudzipweteka, funsani ana a Computer Science, sangasowe nayo. Mawu akatuluka mmenemo bwererani mukalimbane ndi Windows. Akapanda kutuluka pa laputopu yakale, kukayikira sipika kwakula, koma pa yatsopano kwambiri Linux nayonso imatha kulephera kudzutsa ka amplifier kaja, nde phatikizani ndi zimene mayeso enawo akuuzani.

Ku zipangizo tiyambe ndi kabowo ka mahedifoni. Mkati mwake muli kachitsulo kamene kamakankhika mukalowetsa pulagi, ndi kamene kamauza laputopu kuti tseka masipika mwini wake wavala mahedifoni. Fumbi la mu October lija, ulusi wa mchikwama kapena dzimbiri zikakakamiza kachitsuloko, laputopu imaganizabe kuti mahedifoni alimo. Mudzaona pa voliyumu palembedwa Headphones pomwe simunalowetse kanthu. Zimitsani laputopu, unikani mkabowomo ndi tochi ya foni, lowetsani ndi kutulutsa pulagi kangapo mofatsa, ngati muli zinyalala tokosani pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera mmano. Singano kapena pini ayi. Nthawi zina mumapezamo kamutu ka pulagi kothyokera momwemo, kameneko kasiyireni wokonza.

Za sipika yosasa mawu ndili ndi umboni wanga. Achimwene anga amawotcherera mageti ndi mawindo ku Chinamwali, nde kwa milungu ingapo ndinkapita ndi laputopu yanga kukawalembera ma quotation, ndinkangoyikhazika pa benchi pomwe amadulira zitsulo. Posakhalitsa inayamba kulira zzzz munthu akamalankhula pa vidiyo, mmahedifoni muli mbee. Ndinavutika ndi ma driver usiku wonse pachabe. Nditatsegula pansi ndinapeza masipika onse awiri amera ndevu zakuda, tizitsulo tosalala ngati ufa titaimirira njoo pa kapepala ka sipika, chifukwa kuseri kwake kuli maginito ndipo timabowo ta sipika tinali pansi, moyang'ana benchi. Ndinadula kaseloteyipi nkumakagunditsa mopepuka, kakadzadza ndikudula kena, mpaka kapepala kanayera, mawu anabwerera mwakale. Mukamachita zimenezi osakanikiza, kapepalako ndi kopyapyala kwambiri, chala chokha chikhoza kukabowola.

Pofuna kudziwa kuti yodwala ndi iti musanatsegule, bwererani pa Balance paja, tsitsani L mpaka 0 mumvere kumanja kokha, kenako musinthanitse. Ngati imodzi yokha ndi imene ikusasa ndipo ndalama palibe, isiyeni pa 0 yodwalayo muzimvera inayo. Chimene chimang'amba masipika kwambiri ndi kuwakakamiza, timasipika ta laputopu ndi ta ma watt awiri kapena kuchepera, si a pa chinkhoswe. VLC imalola kukweza kupitirira 100, anthu nkuwonjezeranso timapulogalamu tokwezera mawu kuti chipinda chonse chimve filimu, mawu akayamba kuthetheka inu nkumapitirizabe, mapeto ake kapepala kamang'ambika kapena kawaya ka mkati kamapsa. Ikang'ambika palibe driver imene ingasoke.

Chinyezi chakuno nachonso si chocheza. Nthawi ya dzinja mvula ikamagwa masiku otsatizana, nkhungu itatsika kuchokera kuphiri, zovala osauma, laputopu yosungidwa pansi kapena pafupi ndi windo imayamba dzimbiri lobiriwira pa timapulagi ta mkati. Onjezerani tiyi wotayikira, nyerere ndi mphemvu zimene zimakonda kufunda kwa mkatimo. Palinso phokoso lina la mmmm limene limamveka mukalumikiza laputopu ku amplifier ya kutchalitchi kapena ku ma sipika akuluakulu, zulani chaja mumve, likasiya ndiye kuti likuchokera ku chaja kapena ku mawaya a magetsi, laputopu ilibe vuto.

Ngati mwaganiza zotsegula nokha, ndipo laputopu ilibenso waranti, zimitsani kwenikweni, zulani chaja, chotsani batire ngati ndi yakunja. Masikuluwu ayikeni mu thireyi ya mazira motsatira pomwe mwawachotsa chifukwa satalika mofanana, lalitali mukalimanga pa lalifupi limatulukira kuseri. Chivindikiro chapansi kanganulani ndi khadi lakale la pulasitiki, mpeni umaswa timano take. Mukangotsegula jambulani ndi foni, kenako chinthu choyamba zulani pulagi ya batire yamkati musanakhudze china. Yang'anani batireyo, ngati yafufuma ngati mandasi imatha kukanikiza masipika komanso kutukula touchpad, musaibowole musaipinde, imayaka moto, ikufunika kusinthidwa.

Masipika ndi timabokosi tiwiri takuda, kawirikawiri kutsogolo mmakona, tolumikizana ndi timawaya topyapyala topita pa kapulagi kamodzi kakang'ono pa motherboard, bolodi lalikulu la mkati pomwe pali machipu. Laputopu ikagwa kapena ikamagwedezeka mchikwama pa kabaza tsiku ndi tsiku kapulagi kameneka kamatha kusuntha, kapenanso wina anatsegula posintha hard disk nkuiwala kukabwezera. Kazuleni pogwira mutu wake osati mawaya, onani ngati pali dzimbiri, pukutani ndi mswachi wouma, kabwezereni mpaka kakhazikike. Tsatirani mawayawo ndi maso, nthawi zina amakhala atapanidwa ndi sikuluwu nkuduka. Amene muli ndi multimeter ikani pa ma ohm muyeze mawaya awiri a sipika iliyonse itazulidwa, yamoyo imaonetsa pafupifupi 4 kapena 8, ikaonetsa OL kapena 1 yekha kumanzere ndiye kuti kawaya ka mkati kanaduka, imeneyo yapita.

Pogula ina tengani yakaleyo mmanja, pamakhala kapepala ka part number, chifukwa masipika a laputopu amaumbidwa motsatira malo ake, ya mtundu wina silowa olo ikhale ya kampani yomweyo. Okonza ambiri amakhala ndi malaputopu akufa amene amaphwasulako zipangizo, sipika yochotsa pa yakufa ya mtundu wanu ndi yabwino kuposa kumata yong'ambikayo ndi guluu, zomatazo zimagwira masabata ochepa nkuyambiranso. Muuzeni wokonzayo kuti bwana tiyese kaye musanatseke, aike nyimbo ya bass inu muli pomwepo, mumve kumanzere ndi kumanja, ndipo sipika yanu yakale akubwezereni.

Zikapezeka kuti masipika ndi amoyo, ma driver ali bwino, koma mahedifoni ndi masipika zonse zili chete ngakhale pa Ubuntu, ndiye kuti kachipu ka pa motherboard ndi kamene kanafa, mwina ndi madzi mwina ndi magetsi obwera mwamphamvu. Kusintha kachipu kameneka ndi ntchito ya munthu wa makina otenthetsera, ndipo pa laputopu yakale mtengo wake sugwirizana ndi phindu. Gulani ka USB sound card, kamaoneka ngati fulashi koma kali ndi timabowo tiwiri, kobiriwira ka mahedifoni ndi kapinki ka maikolofoni, mashopu ambiri ogulitsa za mafoni ndi makompyuta amakhala nako. Mumangokalowetsa, Windows imakazindikira yokha popanda kudawuniloda kanthu, kenako pa kasipika ka pafupi ndi wotchi paja musankhe dzina lake, kawirikawiri limakhala USB Audio Device. Masipika amkati sadzaliranso ndi kameneka, muzigwiritsa ntchito mahedifoni kapena sipika yakunja, ndipo pogula pitani ndi laputopu yomweyo mukayesere pa kauntala pomwepo chifukwa tina timabwera tili takufa kale.